Za Muno Nzokhwima

Ena amagwa m'mavuto chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha ndale, ena chifukwa cha pakamwa pa anzawo. Ine ndinagwa chifukwa cha mawu amodzi okha, ndipo ndinachita kuwalemba ndekha ndi penti wakuda, zilembo zikuluzikulu kuti ngakhale wamaso ofooka asavutike powerenga. Mpaka pano ndikamva fungo la khoko la nachesi, ndimatembenukira kumbali.

Kwathu ndi kumtunda kwa Neno, kumapiri kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimaluma makutu. Bambo anga pomwalira anandisiyira mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba, pamalo otsetserekera kukhwawa. Zaka zambiri mitengoyo inkabereka mwaulesi, koma chaka chathachi inachita ngati yapenga, nthambi kuwerama mpaka kuzichirikiza ndi mphanda. Mayi Sikelo, amene amapikula zipatso kuchokera ku Lisungwi nkumakagulitsa kumsewu waukulu, anabwera kudzaona. Anazungulira munda wonse manja ali kumbuyo, kenako anati, “Ndigula wonsewu, bambo. Akangoyamba kufiira ndibwera ndi galimoto. Koma ndidzapeze momwemu, osati mitengo yometa.”

Tsiku lomwelo ine ndi mkazi wanga tinafolera nyumba yathu ndi malata, m'maganizo. Denga lathu laudzu linali litatopa nafe, ndipo dzinja lapitalo linkadontha pamutu penipeni pa bedi, mbali yanga. Choncho manachesi aja sanalinso zipatso kwa ine. Ndikawayang'ana ndinkaona malata akulendewera m'mitengo.

Vuto linali njira. Njira ya kuchigayo, ya kumjigo ndi ya kutchalitchi zonse zimakumana m'mphepete mwa munda wangawo. Ndipo kwathu kuno munthu wothyola chipatso akudutsa sakuba ayi, akulawa. “Ndangolawako limodzi lokha, achimwene.” Aliyense limodzi lokha. Koma mudzi wonse ukamalawa popita ndi pobwerera, nthambi za m'munsi sizichedwa kudzuka.

Ndinayesa zonse zimene munthu wabwinobwino angayese. Ndinamanga mpanda, mbuzi zinautsegula zipata. Ndinamangirira galu wanga pamenepo, koma galu ameneyo sanadanepo ndi munthu chibadwire. Wolawa akafika ankamulandira ndi mchira, nkumuperekeza mpaka pamene chingwe chathera. Ndiye ndinati ndidikire ndekha. Ndinakhala patsinde la mtengo ndi chibonga, kadzuwa ka m'chisanu kakundisisita kumsana. Podzidzimuka ndinapeza kamulu ka makoko pambali panga, kounjikidwa bwinobwino mwaulemu (wolawayo ndimamuthokozabe kuti sanafune kundidzutsa).

Alamu anga a Dyson, mlongo wake wa mkazi wanga, anandipeza ndikutola makokowo. Iwowa ndi munthu amene sasowa malangizo pa chilichonse, kupatula pa moyo wawo.

“Alamu, mukuvutikiranji? Kangotsirikani mundawu basi. Kuli mkulu wina cha ku Luwani, akakupatsani kanyanga, wakuba akangogwira nthambi dzanja limamatirira pomwepo mpaka mwini mutabwera.”

“Ine? Kwa sing'anga? Mwaiwala kuti ndine ndani?”

Pajatu ine ndi amene ndimawerenga zolengeza kutchalitchi Lamulungu lililonse, nditavala jekete. Munthu wotero sangaoneke panjira ya kwa sing'anga, ngakhale atasochera. Komanso, kunena zoona, zinthu zimenezo ndimaziopa. Ndimati sindizikhulupirira, koma ndimaziopa.

Nzeru inandibwerera ndikumvera wailesi. Wowerenga nkhani anati apolisi akhwimitsa chitetezo kwinakwake. Akhwimitsa. Mawuwo anandikakamira m'mutu tsiku lonse, ndikumawatembenuza uku ndi uku. Chimanga chikakhwima timasangalala, tikudziwa kuti njala yatha. Mtengo wokhwima ndiye wabwino kupala mpini. Mwana wokhwima nzeru timamunyadira. Lamulo likakhwima timadandaula koma timamvera. Koma tangoyesani kunena motsitsa mawu kuti, “A ujeni aja ngokhwima,” muone anthu akusuntha pabenchi. Pamenepo sitikunenanso za msinkhu kapena nzeru. Tikunena munthu amene anadzitchinjiriza ndi zitsamba, woti ukamubera nkhuku umayamba kulira ngati tambala pamsika. Mawu amodzi omwewo, kwina chakudya, kwina mantha.

Ndinaimirira ndi chimwemwe. Ndinaona kuti ndapeza mlonda wosadya, wosagona, wosafuna malipiro.

Ndinatenga chidutswa cha lata lakale ndi penti wakuda wotsala pamene tinkapaka zitseko, nkulemba kuti: ZA MUNO NZOKHWIMA. Mkazi wanga anaima pakhomo akundiyang'ana, manja m'chiuno.

“Ndiye mukufuna kunamiza ndani, bambo a Mwayi? Akuba kapena Mulungu?”

“Palibe amene ndikumunamiza. Kodi manachesiwo ngosakhwima?”

“Ngokhwima, kungoti sanapse.”

“Basitu. Wakuba akawerenga aganize zake. Akulu a mpingo akawerenga aganize zawo. Ine ndalemba zoona zokhazokha.”

“Inu ndi nzeru zanuzo,” anatero akulowa m'nyumba. (Mkazi wanga akanena mawu amenewa sakhala akuyamikira.)

Ndinakhoma chikwangwanicho pamtengo woyang'ana kunjira. Chitini cha penti ndinachikoloweka panthambi kuti mbuzi zisachigubuduze, pamodzi ndi kasanza kofiira kamene ndinapukutira m'manja, ndikuti ndichotsa madzulo. Ndinaiwala. Ndiye taganizirani munthu akuchokera kuchigayo: akuwerenga kuti za muno nzokhwima, akukweza maso, akuona chitini chakuda bii chikulendewera, kansalu kofiira kakupepezeka ndi mphepo. Ngakhale sing'anga weniweni sakanakonza bwino chotero.

Masiku oyamba zinayenda mokoma zedi. Njira ija inayamba kupindika yokha, anthu akulambalala mundawo mpaka kuponda njira yatsopano m'tchire. Amayi ankakoka ana awo pamkono. Palibe khoko ndi limodzi lomwe limene ndinatola. Ndikuvomera kuti ndinayamba kudzimva. Ndinkayenda pang'onopang'ono, kuyankha moni mochedwerapo, nthawi zina kuima nkuyang'anitsitsa mtengo ngati tikukambirana. Ndinkati ndikuthandizira chikwangwani.

Kenako zinayamba kupitirira pamene ndinkafuna. Nditapita kukagula sopo pagolosale, mayi wogulitsa anakana kulandira ndalama m'manja mwanga.

“Ingoikani pakauntala pomwepo, abambo.”

Anaikankha ndi bolopeni nkuiponya m'kachitini kapadera momwe munali khala la makala, kuopa chitaka. Ine, munthu amene ndakhala ndikugula sopo pamenepo kuyambira iye ali pasukulu! Zinandiwawa, koma ndinadzitonthoza kuti malata safika popanda kupirira.

M'mawa wina ndikusukusula ndinapeza mphunzitsi wa timu ya mpira ya m'mudzi mwathu atanjuta pabwalo, nkhuku yakuda ili m'khwapa.

“Abambo, Loweruka tikusewera ndi a ku Chifunga. Golo lathu aliyense amangolowa. Mungotitsekerako pang'ono.”

“Achimwene, ine za zimenezo sindidziwa chilichonse.”

Anamwetulira, nagwedeza mutu mwaulemu. “Eya, tikudziwa. Enieniwo amatero.”

Anasiya nkhukuyo nkuthawa. Ndinaithamangitsa kuti ndimubwezere, nkhuku inathawira m'munda wa manachesi, ndipo anthu opita kumjigo anandiona ndikuzungulira mitengo chowerama m'mamawa, ndikuthamangitsa nkhuku yakuda. Loweruka lakelo timu ija inapambana koyamba chaka chimenecho. Sindinadandaulepo chotero ndi chigoli cha kwathu.

Koma amene anamaliza zonse ndi alamu anga. Tsiku lina masana ndinawapeza m'kati mwenimweni mwa munda, thumba lili paphewa, masaya ali tutumu.

“Alamu! Simunawerenge chikwangwani?”

“Ndawerenga, nchifukwa chake ndabwera. Masiku onsewa ndimadikira kuti akhwime. Mwachita bwino kutidziwitsa, ena sanena.”

“Sizikutanthauza zimenezo!”

“Nanga zikutanthauza ziti? Zinazo? Inu alamu, munthu wothawa bilimankhwe, mungakhwime? Musandiseketse ndingatsamwe.”

Anapita ndi thumba lawo akuseka. Koma pajatu mkazi wanga ananena: kukhwima si kupsa. Manachesi aja anali akadali owawasa, ndipo alamu anadya osawerenga, m'mimba mulibe kanthu. Pofika mawa lake anali atatsegula m'mimba moti anachita kuwanyamula pa njinga yamoto kupita nawo kuchipatala, atawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa. Achipatala ananena poyera kuti ndi zipatso zosapsa basi, nawapatsa madzi amchere ndi shuga. Koma zonena achipatala zinatsalira konko. Zimene zinafika kumudzi nzakuti sindinasiye ndi mlamu wanga yemwe.

Alamuwo, m'malo mondithandiza, anaikonda mbiriyo. Anthu ankabwera kudzawazonda ndi nthochi ndi thobwa, iwo ali gone pamphasa akufotokoza motsitsa mawu kuti m'mimbamo munkayenda chinthu chamiyendo. Nditawafunsa chifukwa chake akunama, anati, “Alamu, chibadwire sindinazondedwepo chonchi. Ndisiyeni ndidyerere.”

Manachesi anafiira. Munda wonse unali psuu, wokongola moti ndinkaima nkumangouyang'ana. Lachisanu lina galimoto ya Mayi Sikelo inakwera chitunda chathu ikulira, kumbuyo kuli amuna othyola ndi madengu awo. Ndinathamanga kukawalandira. Ndipo nthawi yomweyo, kuchokera mbali ya kutchalitchi, anatulukira a Chimtengo, mkulu wa mpingo wathu, ambulera m'manja ngakhale kunalibe mtambo, Baibulo m'khwapa. Anati amangodutsa. Munthu wongodutsa sakhala pachitsa nkupinda miyendo.

Othyola aja anatsika, nawerenga chikwangwani, nayang'ana chitini, nakweranso m'galimoto. Mbiri ya alamu inali itafika kale ku Lisungwi, ndipo pofika kumeneko chinthu cha m'mimba chija chinali chitamera ndi mapiko.

Mayi Sikelo sanadabwe nkomwe. “Masulani kaye, bambo, anthu anga akwere.”

“Ndimasule chiyani, mayi?”

“Zimene munamangazo. Ife sitifunsa kumene munazitenga. Zungulirani mundawu, lavulani kumene mumalavula, tsitsani chitinicho, ife tiyambe ntchito. Dzuwa likupita.”

Abale anga, malata anga anali pamenepo. Chinkafunika nkungozungulira munda kamodzi, kulavula katatu, nkung'ung'udza chilichonse, ngakhale mayina a ana anga. Malovu ndinali nawo okwanira. Ndinatembenuka kuyang'ana a Chimtengo. Iwo anatsokomola pang'ono, natsegula Baibulo, osawerenga, maso ali pa ine. Ndikalavula, ndavomera pamaso pa mpingo kuti ndinatsirika. Ndikapanda kulavula, galimoto ibwerera yopanda kanthu. Ndinameza malovu aja.

“Mayi, palibe chomasula. Mundamu mulibe kanthu.”

Mmodzi wa othyola anayankhira m'galimoto: “Okana kumasulawo ndiye oopsa kwambiri. Tiyeni tizipita.”

Mayi Sikelo anapukusa mutu. “Ndibweranso Lolemba. Mukhale mutakonza zanuzi, anthu asakuopeninso. Zikapanda kutero ndikagula kwina.”

Galimoto itangotsika chitunda, a Chimtengo anatseka Baibulo. “Mawa masana, kuchipinda cha akulu. Musachedwe.”

Ndinapita nditakonzeka, chifukwa apa ndi pamene nzeru yanga ija inayenera kundipulumutsa. Ndinafotokoza za chimanga chokhwima, za mtengo wokhwima, za mwana wokhwima nzeru. Ndinalankhula bwino moti ndinkadzimvera ndekha kukoma. Akulu aja anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Tamva,” anatero a Chimtengo. “Munkanena zipatso. Nanga munkauza ndani? Wogulatu munali naye kale.”

“Ndinkafuna kuti akuba aope.”

“Aope chiyani? Zipatso zokhwima?”

Ndinayang'ana pansi. Simenti ya m'chipinda chimenecho ili ndi mng'alu wooneka ngati mtsinje, ndinaudziwa bwino tsiku limenelo.

Mayi wina wachikulire, mkulu wa mpingo nayenso, anadzikonza mpango nati, “Ine mmene ndamvera, bambowa kwa sing'anga sanapite. Amangofuna kukhwima kwaulere.” Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka, ndi a Chimtengo omwe, amene sindinawaonepo mano chibatizidwire.

Chigamulo chinali chopepuka, kapena ndinkaganiza choncho. Popeza ndinasokoneza anthu ndi mawu, ndikawamasule ndi mawu. Lamulungu, pa zolengeza, ndinene poyera kuti m'munda mwanga mulibe mankhwala. Ndinasangalala, chifukwa zinkagwirizana ndendende ndi zimene Mayi Sikelo ankafuna. Dzina liyera Lamulungu, galimoto ibwera Lolemba. Madzulo omwewo ndinazula chikwangwani nkutsitsa chitini.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi. Ndinawerenga za ukwati, za osesa sabata imeneyo, za maliro a kumudzi woyandikana nawo. Kenako ndinapinda pepala, ndinakonza jekete, nkuyamba. Ndinapepesa. Ndinafotokoza za penti ndi kasanza. Ndinati ine sindinapondepo kwa sing'anga, ndipo m'munda mwanga mulibe nyanga, mulibe chithumwa, muli manachesi basi. Anthu anati, “Amen!” Amayi ena analuluta. Ndikanakhala pansi pomwepo, lero bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Koma nthungululu ndi chinthu choipa kwa munthu wokonda kulankhula. Zinandikwera kumutu. Ndinakweza dzanja nkufuula kuti, “Ndipo aliyense amene akukayikabe, apite akadzionere yekha! Alowe, athyole, adye! Akadwala, mudzandifunse ine!”

Mkazi wanga, kumbali ya amayi, anaphimba nkhope ndi buku la nyimbo.

Mapemphero atatha ndinatsalira pang'ono, akulu ena akundigwira chanza nkumandiyamikira kulimba mtima. Ndinazindikira mochedwa kuti pabwalo la tchalitchi pachita zii msanga, pomwe masiku onse anthu amacheza mpaka njala iwabalalitse. Ndinayamba kuyenda, kenako kufulumira, kenako kuthamanga jekete ili m'manja.

Ndinaumva mundawo ndisanauone. Unkaimba. A kwaya anali m'mitengo ndi yunifolomu yawo, akupitiriza nyimbo yotulukira, mabesi kunthambi za m'munsi. Amayi anali atayala zitenje pansi. Abambo olemekezeka, a mataye, ankagwedeza nthambi ndi ndodo. Mpingo wonse unali m'munda mwanga, ndi anthu ena amene sindinawaonepo m'tchalitchi chilichonse. Pakati pawo panali alamu anga a Dyson, atachira bwinobwino, akulozera anthu mitengo yotsekemera.

“Abale! Abale, taimani!”

“Musadandaule, abambo,” anatero mayi wa pagolosale uja, chitenje chili tho. “Ife sitikukukayikirani. Tikungokuchitirani umboni.”

“Umboniwo limodzi silikwana?”

“Awa ndikukapatsa apongozi anga. Iwowo ndiye amakayika kwambiri.”

Aliyense anali ndi wachibale wokayika kunyumba. Ena anali ndi okayika mpaka ku Matope. Ndinaona a Chimtengo akutuluka m'munda ambulera yawo ili chagada, yodzaza mpaka m'mphepete. Anandigwira paphewa ndi dzanja lonunkhira makoko nati, “Mwaona? Palibe wagwa, palibe wamatirira. Dzina lanu layera, mbale.”

Ndikanatani? Ndikanawathamangitsa, akanati pali chimene ndikubisa, ndipo tikanabwerera pomwe tinayambira. Ndinawaitana ndekha, paguwa, pamaso pa Mulungu ndi anthu. Ndiye ndinaima pamphepete pa munda wanga ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa, ndikuyankha “zikomo” kwa aliyense wotuluka ndi katundu wanga. Mumtima ndinkalira ngati mwana. Sindinachitepo manyazi ndi chisoni nthawi imodzi chotero.

Lolemba m'mawa galimoto inakwera chitunda monga mwa pangano. Othyola anatsika molimba mtima, atamva kale kuti mundawo ulibe choopsa. Anaima ndi madengu awo nkumayang'ana m'mwamba. Munali masamba okhaokha, ndi tating'ono tobiriwira tingapo kunsonga kumene ngakhale a kwaya analephera kufika.

Mayi Sikelo anazungulira mundawo monga tsiku loyamba lija, akuponda makoko. Atabwerera anandiyang'ana nthawi yaitali, mwachisoni ndithu.

“Bambo, ine ndagula minda yambiri m'mapiri muno. Ena amatsirika, ena satsirika, ine sindidziwa ndipo sindifunsa. Koma wotsirika salemba chikwangwani, ndipo wosatsirika salengeza m'tchalitchi. Inu mwachita zonse ziwiri.”

Anakwera galimoto napita kukagula kwina.

Ndinakhala pansi pakhonde, ndikuyang'ana mitengo yanga yometa. Mkazi wanga anabwera nakhala pambali panga. Patapita nthawi ndinati, mwina pofuna kuti wina andivomereze kamodzi kokha, “Komabe mayi a Mwayi, pachikwangwani paja sindiname. Za m'mundamo zinalidi zokhwima.”

“Zinali zokhwima, inde,” anatero akutola khoko limene linagwera pakhonde. “Mwini wake yekha ndiye anali wanthete.”

Ndinafuna kuyankha kuti mawu akuti nthete nawonso ali ndi matanthauzo angapo. Ndinatsegula pakamwa, ndinayang'ana nkhope yake, ndinayang'ana denga, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinatseka pakamwa ndisanalankhule. Udzu wofolerera ndinakamweta ndekha.